Mkwatibwi Wopanda Mutu

Diresi la ukwati linabedwa ine ndikulilondera. Ndinene zimenezi poyambirira pomwe, chifukwa Alamu akayamba kufotokoza nkhaniyi amati ndinkaliza mkonono mpaka magalasi a minibasi kunjenjemera. Bodza limenelo. Ndinangotseka maso kuti apumuleko.

Tinanyamuka Lachisanu dzuwa likungotuluka, sabata ija ya tchuthi chachitali, maofesi atatseka mpaka Lachiwiri. M'minibasi ya hayala tinalimo asanu: dalaivala, ine, mnzanga wa kalekale, mayi wosoka zovala amene timangomuti Telala, mchimwene wake amene aliyense amangoti Aphunzitsi ngakhale choko anachisiya zaka khumi zapitazo, ndi akazi awo a Aphunzitsiwo, amene tonse timawaitana kuti Alamu. Wachisanu ndi chimodzi anali diresi. Linagona lokha pampando wakumbuyo m'sutikesi yaikulu yabulauni, ngati bwana wosafuna kukhudzana ndi anthu wamba.

Ukwati unali wa mwana wa Telala, mmodzi yekhayo, ndipo unali mawa lake m'mawa. Mtsikanayo anachoka pakhomo zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo atayambana ndi amake. Chinayambitsa ndi kasiketi kakafupi kamene Telala anakadula ndi sizasi anzake a mwanayo akuona, koma mawu amene anatsatirapo anali akuthwa kuposa sizasiyo. Zaka zonsezo ngakhale moni wa pafoni panalibe. Kenaka miyezi itatu yapitayo kunabwera uthenga kudzera kwa amalume ake, mawu anayi basi: "Amayi andisokere diresi langa."

Telala anatseka shopu milungu isanu. Anabweza makasitomala onse, anabweza ngakhale ine ndi bulauzi yanga yong'ambika kukhwapa. Tonse tinkadziwa kuti chitseko chija chatseguka kakang'ono kokha, kongokwanira diresi. Akakafika chimanjamanja, chikatsekekanso, ndipo ulendo uno ndi loko.

Msewu unayamba kukwera mapiri ndipo tinalowa m'nkhungu. Mitengo inkabwera umodziumodzi, kutisuzumira pazenera n'kubwerera. Ng'ombe ina inaima m'mbali mwa msewu yopanda miyendo, thupi lokha likuyandama. Wailesi inkaimba nyimbo theka, theka n'kumeza. Ine mutu unayamba kulemera mokoma.

"Taonani mkwatibwi wathu!" anatero Alamu, akugwedeza foni m'mwamba. "Ajambulitsa dzana ndi bwana wakeyo. Mwana wawala, zikumuyanja ndithu."

Foniyo inadutsa kwa ine. Magalasi anga anali pansi pa chikwama, ndiye ndinangoona anthu awiri ndi mtengo, n'kunena kuti mtengowo ndi wokongola. Inafika kwa Telala. Anaiyang'ana nthawi yaitali mpaka inazima yokha m'manja mwake.

"Wakula," anatero, n'kuibweza.

Ndinati ndi za amayi zimenezo, zoti misozi ibwere kapena isabwere. Ndinamusiya.

Pamwamba pa phiri injini inatentha, inayamba kutsokomola ngati nkhalamba ya fodya. Dalaivala anakhotera pamalo othirira mafuta. Panali mapampu awiri, kasitolo kogulitsa tiyi, zimbudzi kumapeto kwa kanjira ka simenti, ndipo kutsidya kwa tchire la udzu kunkaoneka denga la nyumba yogona alendo. Onse anatsika.

"Amwali, inu simutsika?" anandifunsa Telala.

"Mawondo akana."

"Ndiye mundionereko sutikesi. Ndikufuna kuchimbudzi."

"Pitani. Wakuba adutsa pamtembo wanga."

Ndinatsamira zenera, ndipo m'pamene ndinalota. Ndinaona dambo loyera lopanda malire. Pakati pake pankapita mkwatibwi, wamtali, wopanda mutu. Mapazi ake sankagunda pansi, ankangoyandama pamwamba pa udzu, manja ali lendee, mchira wa diresi utapindikira m'mwamba ngati wina wosaoneka waunyamula mwaulemu. Patsogolo pake anthu oyera anaima pamzere akumukodola. Ndinati basi ndafa ine, uku ndi kumwamba. Chinangondidabwitsa n'chakuti kumwambako kunkanunkha dizilo.

Chinandidzutsa ndi mfuu ya Alamu. Anali atagwada pampando wakumbuyo, sutikesi ili yasaa patsogolo pawo. M'katimo munali mapepala okhaokha.

* * *

"Ndimangofuna kusuzumira pang'ono!" ankalira Alamu. "Chiyambire anatikaniza kuliona. Ndati ndinyamule chivindikiro ndi chala chimodzi, ndikumva sutikesi yapepuka ngati chisa cha mbalame! Azakhali, inu mumatani? Munakhala pano ngati thumba la makala!"

"Thumba la makala silibedwa nalo limodzi? Ine ndilipo, thokozani."

Aphunzitsi anafika akupukuta pakamwa ndi kampango. Iwo salankhula ngati ife. Amayamba akonza khosi, ngati pali ana makumi asanu ndi limodzi akudikira.

"Tiyeni tione mfundo mwadongosolo. Mfundo yoyamba, chitseko chakumbuyo sichinakiyidwe. Mfundo yachiwiri, makiyi amasunga ndi bambo awa. Mfundo yachitatu, ine ndi maso angawa ndawaona bambo omwewa akuzungulira kuseri kwa sitolo atanyamula chinthu choyera. Ndikuimbira apolisi."

Dalaivala anagwira kumutu. Anali bambo wa ndevu zoyamba kuyera, woonda ngati ndodo ya giya yake.

"Bwana, chigubu! Chinali chigubu cha madzi a injini! Ine diresi ndikalitani, ndikavale? Mukanditsekeretsa lero nditulukamo Lachiwiri, ndipo mwini galimoto sadzandipatsanso makiyi."

"Zimenezo mukafotokozera kumeneko."

Ndinayang'ana Telala. Ndinkayembekezera kuti agwa pansi, agubuduzika, ang'amba mpango. Ayi. Anangokhala pakhomo la minibasi manja ali pamiyendo, akuyang'ana nkhungu.

"Achimwene, musiyeni munthuyo," anatero chapansipansi. "Chapita chapita. Tiyeni tingobwerera kunyumba."

Milungu isanu ya kusoka, munthu n'kunena kuti chapita chapita? Khutu langa linayabwa.

"Aphunzitsi," ndinatero, "foniyo ibwezereni m'thumba. Kaitanitseni tiyi wina. Akatha m'kapu ine ndisanapeze diresi, imbirani apolisi, mundiperekenso ine ndemwe monga mlonda wogona."

Aphunzitsi tiyi samukana, ndipo amamwa ngati akuwerenga nyuzipepala, mzere ndi mzere. Ndinadziwa kuti ndapeza theka la ola.

Ndinayamba ndi sutikesi. Alamu analumbira kuti anapeza zotsekera zonse ziwiri zili zotseka. Mapepala oyera okutira diresi anali opindidwa panayi, ngodya ndi ngodya, opanda ngakhale kadontho. Hang'ala inali itapita limodzi ndi diresi. Wakuba wanji amene amapinda mapepala, n'kutseka sutikesi ngati akutuluka m'nyumba ya apongozi?

Ndiye ndinakumbukira chala changa. Dzulo lake masana pothandiza kulongedza, diresilo linandibaya katatu. Telala sasoka mpendero wa m'munsi mpaka mkwatibwi atavala nsapato zake za tsikulo. Amangoupinda n'kuugwiriziza ndi mapini, ndipo m'manja ndi m'khosi namonso munali mapini obisala. Diresi limenelo linkaluma. Aliyense wolitola mothamanga anayenera kukhala ndi zala zofiira.

Ndinamanga mpango bwinobwino n'kulengeza kuti mzimu wandigwira, ndiona za m'tsogolo m'manja mwa aliyense, ulere.

* * *

Ndinayamba ndi dalaivala. Manja ake anali bii ndi mafuta a injini, mpaka m'zikhadabo.

"Eee, bambo inu mudzakwatira kawiri."

"Azakhali, musanditemberere. Woyamba yemweyo akundikwana."

"Munapita kukatunga madzi kangati?"

"Katatu. Mpope uli kuseri kwa sitolo, ukudontha ngati mphuno ya mwana wa chimfine. Funsani wa pampu, ndi amene wandibwereka chigubucho."

"Chitseko chakumbuyo simunakiye bwanji?"

"Loko wake anafa chaka chatha. Timangochikankha ndi bondo."

Ndinatembenuza manjawo uku ndi uku. Panalibe pobayidwa. Komanso manja amenewo akanakhudza mapepala oyera aja, akanasiyapo siginecha yooneka ngakhale kwa ine wopanda magalasi.

Aphunzitsi ndinawapeza pabenchi ya kasitolo, kapu ili pakati.

"Zamatsenga ine sindikhulupirira," anatero, koma dzanja anatambasula. Linali lofewa ngati la khanda, losabayidwa paliponse, koma lomata. Ndinanunkhiza.

"Mizimu ikuti pali munthu amene adokotala anamuletsa shuga, koma wadya keke ya kirimu."

"Tsitsani mawu!" Anayang'ana kumene kunali akazi awo. "Kachidutswa kamodzi."

"Mizimu ikuti tiwiri."

"Kachiwiriko kanali kakang'ono kwambiri. Ndinakadyera kuseri kwa sitolo kuti ndisakhumudwitse anthu."

"Ndiye m'pamene munaona dalaivala. Chinthu choyeracho ananyamula bwanji, pamwamba kapena pansi?"

Anaganiza, chifukwa Aphunzitsi ngakhale ali okwiya bodza sanena. "Pansi. Chinkamukokera phewa mbali imodzi."

"Diresi limalemera mpaka kupendeketsa munthu?"

Anamwa tiyi wambiri kamodzi, zimene sizinandithandize.

Alamu sindinachite kuwapempha. Anandibayira dzanja kumaso, mphete zitatu zikunyezimira.

"Onani, onani ngati ndidzakhale ndi mtendere pabanja limeneli! Ine nthawi yonseyo ndinali kuchimbudzi, ndisanameni. Chimbudzi cha amayi ndi chimodzi chokha, mwamva? Chimodzi! Malo aakulu ngati ano! Ndaima pamzere mpaka mitsempha kukokana. Patsogolo panga panali mayi wa ana amapasa, aliyense kufuna kulowa payekha. Kenaka sisitere wina wachikulire amene ndikukhulupirira anagonamo. Kumbuyo kwanga atsikana awiri a mabuluku othina, kuseka ngati aona chiyani."

"Ena?"

"Ena ndani? Ndi omwewo. Ine munthu akadutsa ndimamuona, mpaka nsapato zake."

"Zimenezo ndiye n'zoona, Alamu. Dzanja lanu likuti mudzakhala ndi moyo wautali, ndipo onse okuzungulirani adzaumva kutalika kwake."

Anandithokoza.

Pamzere wa kuchimbudzi umene Alamu anandiwerengera, Telala panalibe. Kwa iye sindinapemphe dzanja. Zala za telala n'zobayidwa chibadwire, sizinena kanthu. Ndinagwetsa dala kampango kanga pafupi ndi mapazi ake n'kuwerama, mawondo akulira. Nsapato zake zinali zonyowa. M'munsi mwa siketi yake munali mutakakamira chisoso, tinjere takuda tambirimbiri.

Kanjira ka kuchimbudzi kanali ka simenti kuyambira pa pampu mpaka pachitseko. Udzu unali mbali inayo, kumene kunapita mkwatibwi wa m'maloto anga.

* * *

Ndinalowa m'tchire lija ndekha. Mame anandinyowetsa mpaka m'mawondo. Nkhungu inali itayamba kupyapyala, dzuwa likuoneka ngati mbale yoyera yoiwalika kumwamba. Udzu unali wogona pang'ono, kusonyeza kuti wina wadutsapo. Phokoso la magalimoto linatsalira kumbuyo, ndipo ndinayamba kukayika ngati ndadzukadi.

Kenaka ndinawaona anthu oyera aja, ali pamzere, akundikodola. Zinali nsalu zoyala pabedi, zoyanikidwa pazingwe zitatu kuseri kwa nyumba ya alendo.

Pakati pake panali mayi wochapa, wamfupi, wa mikono ngati ya womenya nkhonya, mapegi atatu ali kukamwa.

"Zipinda zadzaza," anatero mapegi ali momwemo.

"Sindikufuna chipinda, mayi. Ndikufuna mkwatibwi. Sanadutse kuno?"

Anandiyang'ana kuyambira kumpango mpaka kunsapato, n'kulavulira mapegi m'dzanja.

"Mowa wa m'mawa ndi woipa, agogo."

"Simunaone munthu aliyense?"

"Ndinali mkati, kutsuka mabafa. Tchuthi chino alendo akusamba ngati kwawo kulibe madzi. Koma alipo amene wandiseweretsa zingwe zanga. Ndikam'peza aona."

"Watani?"

"Ine ndimayanika nsalu imodzi, mapegi atatu. Zaka khumi ndi zitatu, imodzi, atatu. Taonani uko." Analoza kumapeto kwa chingwe chapakati. "Ziwiri waziphatikiza ngati envelopu. Ziuma bwanji choncho? Ndimati ndimalize izi ndikazilekanitse."

"Ndilekanitsa ndine. Inu manja anu ndi ofunika."

Nsalu ziwirizo sizinagwirizidwe ndi mapegi okha. M'mbali monse munali mapini, otalikirana mofanana ngati wina anachita kuyeza ndi tepi. Ndinazula limodzilimodzi n'kumabaya pabulauzi yanga. Nsalu yakutsogolo inatseguka.

Linali pamenepo, pahang'ala yake, likugwedezeka pang'onopang'ono ndi kamphepo. Mikanda ya pachifuwa inkagwira kuwala n'kukutaya. Mchira wake unali utapindidwira m'mwamba n'kumangidwa ndi mapini kuti ngakhale nsonga isakhudze dothi. Mayi wochapa uja anangoti kukamwa yasaa.

Wakuba akanalifinyira m'thumba. Munthu mmodzi yekha padziko lapansi ndi amene akanalinyamula hang'ala ili m'mwamba pamwamba pa mutu wake, mchira uli pamkono, iye n'kubisika kuseri kwake mpaka wogona pazenera n'kuona mkwatibwi akuyenda yekha.

"Lisiyeni pomwepo, amwali," anatero mawu kumbuyo kwanga.

* * *

Telala anaima pakati pa nsalu zonyowa, manja atapinda pachifuwa. Mayi wochapa anatiyang'ana tonse awiri, n'kunyamula beseni lake.

"Ine ndili ndi mabafa," anatero, n'kupita.

Ulemu wa "inu" ndinausiya pomwepo. Tinakulira limodzi, ndinali naye tsiku limene anabala mwanayo.

"Iwe, wapenga? Wadzibera wekha?"

"Ndimati mayi ameneyu akalipeza akaligulitse. Kapena ali ndi mwana wamkazi. Lisawonongeke."

"Sindikufunsa za mayiyo. Ndikufunsa za iwe."

Anayandikira diresilo n'kugwira m'chiuno mwake ndi manja awiri. Zala zinatsala pang'ono kukumana.

"Chithunzi chija unachiona?"

"Ndinaona mtengo."

"Salowamo." Anachotsa manja pa diresilo. "Mapewa akula. Chifuwa chakula. M'chiuno mainchesi anayi, mwina asanu. Ine ndimayeza munthu ndi diso ali kutsidya la msewu, sindiphonya. Salowamo, amwali."

"Miyezo unaitenga kuti?"

"M'buku langa."

"Buku la liti?"

Nsalu ina inamumenya pamsana, sanasunthe.

"La chaka chimene anachoka. Ndinamuyeza komaliza pomusokera yunifolomu."

Ndinakhala pamwala wochapirapo.

"Zaka zisanu ndi ziwiri! Iwe amene umandiyeza ine kawiri pa bulauzi imodzi, ati mwina ndadya pakatipa! Foni inalipo. Achimwene ako analipo. Osangofunsa bwanji?"

"Ndikanafunsa bwanji? Wofunsa miyezo ndi telala wachilendo. Iye sanatume kwa telala, anatuma kwa amake. Ndikanati, kandifunsireni mwana wanga ndi wamkulu bwanji? Ndinatsegula buku, ndinaona manambala ake m'zolemba zanga, ndipo ndinamuona ataima m'shopu muja akudandaula kuti tepi ikumutekenya. Ndinasokera ameneyo. Milungu isanu ndakhala ndikusokera mwana amene kulibe."

Apa misozi inabwera, yopanda phokoso, ikungotsika.

"Likabedwa, ndine mayi watsoka, anthu andimvera chisoni. Koma likakana kutseka kumsana, apongozi ake ali pomwepo, anzake ali pomwepo, ndine mayi amene sadziwa thupi la mwana wake. Adzati, mwaona, sanandidziwepo chiyambire."

"Ndiye dalaivala agone m'chitokosi mpaka Lachiwiri kuti iwe usachite manyazi?"

Anaphimba nkhope. "Sindinaganize kuti Alamu atsegula msanga. Ndimati tikazindikira tili kutali."

"Unaiwala kuti mlamu wako amatsegula ngakhale mapoto a pamaliro."

Anaseka pang'ono m'misozi momwemo. Pamenepo ndinaimirira, n'kutembenuza m'mphepete mwa diresi langa lomwe ndinavala, kumuonetsa msoko wa mkati.

"Ili unandisokera liti?"

"Chaka cha ukwati wa mwana wanu woyamba."

"Walikulitsa kangati?"

"Katatu."

"Nsalu yokulitsira imachokera kuti? Iwe ndiwe woumira, sudula pafupi ndi msoko. Umasiya nsalu mkati ngati ukusungira njala. Usandiuze kuti pa diresi la mwana wako ndi pamene unaphunzira kutaya."

Anatembenuza diresilo mwachangu, zala zikuyenda zokha m'kati mwake. Milomo inkawerenga.

"Misoko isanu ndi umodzi. Zala ziwiri uliwonse. Kumsana zitatu." Anaima. "Mwina lingafike. Mwina ayi. Mapewa ndiye ovuta, pafunika kudula kumchira n'kuikapo. Sindingadziwe mpaka nditamuyeza."

"Ndiye kamuyeze."

"Ndikanena kuti chiyani?"

"Pakamwa ndi pako. Ine ntchito yanga inali kupeza wakuba, ndipo tiyi wa Aphunzitsi watha. Nyamula mkwatibwi wakoyo tizipita."

* * *

Tinatulukira m'tchire diresi lili m'mwamba, Aphunzitsi ali ndi foni kukhutu. Anaitsitsa pang'onopang'ono. Ine ndinali nditakonza kale bodza labwino la mphepo ndi agalu, koma Telala sanandipatse mpata. Anapita molunjika kwa dalaivala.

"Bambo, ndinalitenga ndine. Ndakuchimwirani. Pepani."

Dalaivala anayang'ana diresi, anayang'ana mayiyo, n'kupukuta manja pabuluku.

"Mayi, ine ndili ndi ana aakazi atatu. Kwerani tizipita, injini yazizira."

Aphunzitsi anakonza khosi. "Pakufunika kufotokoza mwadongosolo. Mfundo yoyamba..."

"Mfundo yoyamba ndi ya kirimu," ndinatero mokweza pang'ono.

Aphunzitsi anakwera minibasi, mfundo zathera pomwepo. Alamu anali atakoka mpweya wokwanira kulankhula mpaka kofika, koma Telala anawaika lezala m'dzanja.

"Diresi lachepa, alamu. Ndinasoka ndi miyezo yakale. Masulani msoko uwu, ulusi wokha, nsalu musaikhudze. Maso anu ndi akuthwa kuposa athu."

Alamu akauzidwa kuti aposa ena, amaiwala zonse. Anavala magalasi.

Maola anayi otsalawo sindidzawaiwala. Tinatsika phiri, nkhungu inatsalira kumwamba, dziko linatseguka lachikasu mpaka kumalekezero. Diresi linayalidwa pamiyendo yathu tonse atatu ngati mtambo umene walowera pazenera. Dalaivala anazimitsa wailesi, ankazemba maenje ngati wanyamula mazira. Tiulusi toyera tinkauluka m'minibasi monse, kutera pamapewa a jekete la Aphunzitsi, iwo atagwira chitini cha mapini pamiyendo ngati mwana wopatsidwa udindo. Kunkangomveka lezala, tswi, tswi, ndi diresi likumasuka pang'onopang'ono ngati munthu amene wakhala nthawi yaitali atagwira mpweya. Ine ndinabayidwa kanayi, koma sindinagone.

Tinafika dzuwa litapendeka. Pabwalo panali piringupiringu, amuna akutsitsa mipando m'lole, amayi akupukuta mbale, wina akuyesa zokuzira mawu. Alamu anatsika koyamba n'kuyamba kupereka moni kwa aliyense ndi dzina la agogo ake. Telala anatsika komaliza, tepi ili m'khosi. Diresi analisiya m'galimoto. Anandipatsa kabuku ndi pensulo osandiyang'ana.

Mtsikanayo anatuluka pakhonde, tsitsi lomangidwa theka, chipeso chili momwemo. Sanali kamtsikana ka yunifolomu kaja. Anali mayi wathunthu, wa mapewa ngati a amake. Anaima pamasitepe, ife pansi. Anthu a mbale aja anasiya kupukuta.

"Mwafika, amayi."

"Tafika."

"Mwabweretsa?"

"Ndabweretsa, koma silinathe." Telala anatulutsa mawu onse, pamaso pa apongozi ndi anzake omwe. "Ndinasoka ndi miyezo yakale. Ndinachita manyazi kufunsa. Sindikudziwa kuti wakula bwanji, mwanawe. Ndabwera kuti ndikuyeze, ukalola."

Wa zokuzira mawu uja anazimitsa makina ake. Mtsikanayo anayang'ana amake nthawi yaitali, nkhope yosawerengeka. Kenaka anachotsa chipeso m'tsitsi, n'kuchipereka kwa mnzake. Anatsika sitepe imodzi, ina, n'kukweza mikono m'mbali.

Amene munayezedwapo mukudziwa kuti telala sangayeze m'chiuno ataima patali. Ayenera kuyandikira, apititse manja onse awiri kumsana kwako kuti tepi ikumane. Telala anayandikira. Manja anapita kumsana. Mikono ya mwanayo inatsika, n'kutsekera amake mkati. Tepi inagwa pansi.

Ine ndinanyambita pensulo, kabuku kali kotsegula, kudikira nambala. Ndinadikira. Mipando inatha kutsitsidwa m'lole.

"Amwali," ndinatero, "ndilembe zingati?"

Anayankha ndi mwanayo, nkhope ili m'khosi mwa amake.

"Azakhali, takhalani kaye pansi. Sanathe kuyeza."